Seattle Pilots ya 1969: mafunso ndi mayankho okhudza timu imene idasewera chaka chimodzi chokha

Mafunso otsatirawa ndi amene okonda mbiri ya masewero a baseball amafunsa kawirikawiri akamva dzina la Seattle Pilots. Ayambira pa zinthu zoyambirira, kenaka alowa m'masewero enieni monga adatsatirana m'chakacho, ndipo athera pa nkhani ya ndalama ndi makhoti.

Kodi Seattle Pilots idali timu yanji, ndipo idakhala nthawi yaitali bwanji?

Idali timu ya baseball ya mumzinda wa Seattle, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la America, ndipo idasewera mu American League m'chaka cha 1969 chokha. Chaka chimenecho maligi aakulu awiri adalandira matimu anayi atsopano: Pilots ndi Kansas City Royals adalowa mu American League, pomwe Montreal Expos ndi San Diego Padres adalowa mu National League. Masewero oyamba a Pilots adachitika pa 8 Epulo ndipo omaliza adachitika pa 2 Okutobala, kotero moyo wake wonse wa pabwalo sudakwane n'komwe miyezi isanu ndi umodzi. Pofika mu Epulo 1970 timuyi idali itagulitsidwa n'kusamutsidwira ku Milwaukee, kumene ikusewerabe mpaka lero pansi pa dzina la Milwaukee Brewers.

Dzina lakuti Pilots, limene m'Chingerezi limatanthauza otsogolera sitima zapamadzi komanso oyendetsa ndege, lidagwirizana ndi mzindawo m'njira ziwiri, popeza Seattle ndi doko lalikulu komanso kwawo kwa kampani yopanga ndege ya Boeing. Mmodzi mwa eni timuyi, Dewey Soriano, ankagwiranso ntchito yotsogolera sitima zapamadzi zikamalowa padoko. Chizindikiro cha timu chidali chiwongolero cha sitima chokhala ndi mapiko, ndipo zipewa za osewera zidali ndi zokongoletsa zagolide kutsogolo ngati za mkulu wa sitima.

Kwa munthu amene sadziwa bwino baseball, zotsatira za masewerowa aziwerenga bwanji?

Masewero amodzi amakhala ndi zigawo zisanu ndi zinayi, zimene eni ake amati inning. M'chigawo chilichonse timu imodzi imamenya mpira ndi ndodo pomwe inayo ikuponya ndi kuwakha, ndipo amasinthana osewera atatu a timu yomenya akatulutsidwa. Pointi, imene iwo amati run, imapezeka wosewera akazungulira malo anayi oimapo otchedwa base n'kubwerera pamene adayambira. Mpira ukamenyedwa n'kutuluka kunja kwa mpanda wakutsogolo, womenyayo ndi anzake onse amene adali pa ma base amazungulira popanda wowaletsa, ndipo kumeneko ndiko kumenya home run. Matimu akafanana mapointi pakutha pa chigawo chachisanu ndi chinayi, amawonjezera zigawo mpaka wina apambane, n'chifukwa chake m'munsimu muwerenga za masewero a zigawo 18 ndi 20.

Mu 1969 American League idali ndi matimu 12, ndipo kanali koyamba kuwagawa m'magulu awiri, la kummawa ndi la kumadzulo. Timu iliyonse idali ndi masewero 162: ka 18 ndi timu iliyonse ya m'gulu lake, ndi ka 12 ndi timu iliyonse ya gulu linalo. Dziwaninso kuti nthawi imeneyo woponya mpira ankayeneranso kumenya nthawi yake ikakwana, chifukwa lamulo lolola wina kumumenyera lidabwera mu 1973.

Kodi chaka chonsecho chidatha bwanji?

Pilots idapambana masewero 64 ndi kugonja 98, ndipo idathera kumchira kwa gulu la kumadzulo, pa nambala 6 mwa matimu asanu ndi imodzi. Minnesota Twins, imene idatsogola m'gululo, idapambana 97 ndi kugonja 65, ndipo pambuyo pake padabwera Oakland Athletics, California Angels, Kansas City Royals ndi Chicago White Sox. Ziwerengero zimenezi zikangoonedwa zokha zimapereka chithunzi cha timu imene idali yofooka kuyambira tsiku loyamba, koma mndandanda wa masewero amodziamodzi umaonetsa zina, monga mayankho otsatirawa akufotokozera.

Masewero oyamba adayenda bwanji?

Adachitika Lachiwiri pa 8 Epulo ku Anaheim, kwawo kwa California Angels, ndipo Pilots idapambana 4–3. Tommy Harper, amene adali woyamba kumenya, adafika pa base yachiwiri, ndipo womutsatira, Mike Hegan, adamenya home run. Timu yatsopanoyo idali ndi mapointi awiri munthu aliyense asadatulutsidwe, ndipo mapointi onse anayi idawapeza m'chigawo choyamba chomwecho. Kuchokera pamenepo ntchito idatsalira oponya: Marty Pattin ndiye adayamba ndipo chipambano chidalembedwa pa dzina lake, Diego Seguí adamulandira, ndipo Jack Aker adatseka masewero Angels ili pafupi kufananitsa.

Nanga tsiku loyamba kusewera pakhomo?

Lidali Lachisanu pa 11 Epulo, pabwalo la Sick's Stadium, polimbana ndi Chicago White Sox. Gary Bell adaponya zigawo zonse zisanu ndi zinayi osalola pointi ngakhale imodzi, Don Mincher adamenya home run, ndipo Pilots idapambana 7–0.

Chimene chimakumbukiridwa kwambiri za tsikulo chidachitikira kumalo okhala oonerera. Ntchito yokulitsa bwalo idali isadathe. Anthu ena adafika ndi matikiti m'manja n'kupeza kuti mipando yawo kulibe, amisiri akukhomabe matabwa masewero ali mkati, ndipo adaima podikira mpaka cha m'chigawo chachitatu kuti apeze pokhala. Bolodi yoonetsa zotsatira nayo idamalizidwa usiku wa dzulo lake. Tsiku lomwelo lidaonetsa mbali zonse ziwiri za timuyi: osewera amene ankatha kugonjetsa aliyense pa tsiku lawo, ndi bwalo limene silidali lokonzeka kulandira ligi yaikulu. Zifukwa za kuchedwako zili pa funso lokhudza bwalo.

Kodi ndi zoona kuti m'miyezi yoyambirira timuyi inkalimbana nawo bwinobwino?

Ndi zoona, ndipo iyi ndi mbali ya mbiri yake imene ambiri amaidumpha. Kuyambira Epulo mpaka kumapeto kwa Juni, masewero amene Pilots idagonja adali ochulukirapo pang'ono chabe kuposa amene idapambana. Idakhala nthawi yaitali pa nambala 3 m'gulu lake, ndipo pa 28 Juni idali kumbuyo kwa timu yotsogola ndi masewero asanu ndi amodzi okha. Kwa timu yopangidwa ndi osewera amene matimu akale adalola kuti matimu atsopano asankhepo, zimenezi sizidali zochepa.

Masewero awiri a mu Meyi amaonetsa bwino mtima umene timuyi idali nawo. Pa 10 Meyi, pakhomo, Washington Senators ya mphunzitsi Ted Williams idatsogola 11–3, mpata umene nthawi zambiri umachititsa oonerera kuyamba kutolera katundu wawo. Pilots idabweza mapointi onsewo, Rich Rollins adamenya home run pamene ma base onse atatu adali ndi anthu, ndipo masewero adatha 16–13 mokomera eni khomo. Patapita masiku asanu ndi limodzi, pa 16 Meyi, timuyi idali ku Fenway Park mumzinda wa Boston, kumene masewero adafika m'zigawo zowonjezera. M'chigawo cha 11 Pilots idapeza mapointi asanu ndi imodzi ndipo zidaoneka ngati nkhani yatha, koma Red Sox idabweza asanu m'chigawo chomwecho. Alendowo adapulumukira mkamwa mwa mbuzi, 10–9, ndipo chipambano chidalembedwa pa dzina la woponya Jim Bouton.

Pali masewero ena a mu Juni ofunika kuwatchula ngakhale kuti pa tsikulo sadaoneke apadera. M'zaka za 1968 ndi 1969 White Sox inkasewera ena mwa masewero ake apakhomo ku Milwaukee, ndipo pa 16 Juni idalandira Pilots pabwalo la County Stadium n'kuigonjetsa 8–3. Miyezi khumi isadathe, bwalo lomwelo lidasanduka kwawo kwa osewera ambiri amene tsikulo adabwera ngati alendo.

Chidavuta n'chiyani mu Julayi?

Mu Julayi Pilots idapambana masewero 9 ndi kugonja 20. Mwezi udayamba moipa ku Oakland pa 2 Julayi, pamene Reggie Jackson, amene chaka chimenecho adamenya ma home run 47, adamenya atatu pa masewero amodzi ndipo Pilots idagonja 5–0. Panthawi yomweyo kuvulala kudayamba kudya timu: Hegan, amene adasankhidwa kukasewera masewero a akatswiri otchedwa All-Star, sadathe kupita chifukwa chovulala ndipo malo ake adatenga Mincher, Rollins ankavutika ndi bondo, ndipo mkono wa woponya Steve Barber sudakhale bwino chaka chonse. Timu yakale ikavulalidwa imaitana achinyamata kuchokera kumatimu ake aang'onoang'ono, koma Pilots idali isadakhale ndi nthawi yokulitsa nkhokwe yotere.

Chimene chidafoola kwambiri oponya mpira adali masewero awiri ataliatali pa masiku asanu ndi anayi. Loweruka pa 19 Julayi, polimbana ndi Minnesota pakhomo, matimu adafika chigawo cha 16 ali ofanana ndipo masewero adaimitsidwa chifukwa usiku udali utapita kwambiri. Adapitirizidwa Lamulungu pa 20 Julayi, tsiku limene chombo cha Apollo 11 chidatera pamwezi, ndipo Twins idapambana 11–7 m'chigawo cha 18. Masewero amene adakonzedwa kale a tsikulo adatsatira pomwepo, ndipo Jim Perry wa Minnesota, amene adali atangomaliza kumene masewero oyambawo, adabwereranso n'kuponya zigawo zonse popanda kulola pointi, 4–0. Iye adalembedwa zipambano ziwiri tsiku limodzi, pomwe John Gelnar wa Pilots adalembedwa kugonja kuwiri. Lamulungu lotsatira, pa 27 Julayi, masewero a Boston adatenga zigawo 20. Joe Lahoud wa Boston adamenya home run m'chigawo chomalizacho, Harper adayankha ndi yake, koma sidakwanire ndipo Pilots idagonja 5–3. Kusewera zigawo 38 m'masewero awiri n'kutuluka chimanjamanja kumatopetsa mikono, ndipo kumatopetsanso mtima.

Mwezi womwewo udali ndi tsiku limodzi lachimwemwe chachikulu. Pa 9 Julayi, polimbana ndi Angels, woponya mpira Fred Talbot, amene sankayembekezeka kuchita zambiri ndi ndodo, adamenya home run ma base onse ali odzaza. Izi zidachitika m'chigawo chimene wailesi idaika pa mpikisano wa omvera, ndipo munthu wina wa ku Oregon amene dzina lake lidatoledwa adapata ndalama zoposa madola 25,000.

Nanga Ogasiti ndi masabata omaliza?

Ogasiti udaposa Julayi kuipa: zipambano 6 zokha ndi kugonja 22. Pakati pa mweziwo timuyi idagonja masewero otsatizana pabwalo lake lomwe. Baltimore Orioles, imene chaka chimenecho idapambana masewero 109, idaikwapula 15–3 pa 16 Ogasiti, ndipo Boog Powell, munthu wamkulu thupi amene sankadziwika ndi liwiro, adazungulira ma base onse mpira usadatuluke n'komwe m'bwalo. Akuluakulu a timu ataona kuti chaka chatayika adayamba kugulitsa osewera odziwika: Bouton adapita ku Houston Astros pa 24 Ogasiti, ndipo Tommy Davis adamutsatira komweko mwezi usadathe.

Mukaphatikiza miyezi iwiriyi mupeza zipambano 15 ndi kugonja 42. Mukazichotsa pa chiwerengero cha chaka chonse mutsala ndi zipambano 49 ndi kugonja 56, zimene ndi zotsatira za timu yapakatikati. Mu Sepitembala, achinyamata ena atapatsidwa mpata, zinthu zidakhalako bwino, koma mpata wochoka kumchira udali utatha.

Masewero omaliza adali otani?

Adachitika Lachinayi pa 2 Okutobala pa Sick's Stadium, pamaso pa anthu 5,473 okha, ndipo Oakland idapambana 3–1. Pointi yomaliza m'mbiri ya Pilots idachokera kwa Steve Whitaker, amene adamenya home run m'chigawo chachisanu ndi chinayi. Amene adaponya chigawo chomaliza adali Miguel Fuentes, mnyamata wa ku Puerto Rico amene adangokwezedwa kumene mu Sepitembala ndipo ankaonetsa tsogolo labwino. Fuentes adaphedwa ndi mfuti kwawo mu Januwale 1970 ali ndi zaka 23, timu yake isadasamuke.

Oonerera a tsikulo sadauzidwe kuti akutsazikana ndi timu yawo, chifukwa panthawiyo padalibe chigamulo chilichonse chokhudza kusamuka.

Ndi osewera ati amene adachita bwino?

Woyamba kutchulidwa ayenera kukhala Tommy Harper, amene adaba ma base 73, kutanthauza kuthamangira ku base yotsatira woponya akuponya mpira. Palibe adamuposa chaka chimenecho, ndipo mu American League chiwerengero chotere chidali chisadaonekenso chichokere pa 96 ya Ty Cobb mu 1915. Don Mincher, amene adali woyamba kusankhidwa ndi timuyi, adatsogola ndi ma home run 25, pomwe Tommy Davis adalowetsa anzake mapointi 80 ngakhale adachoka chaka chisadathe. Mwa oponya, Gene Brabender adapambana masewero 13, ndipo Diego Seguí adapambana 12 n'kugonja 6 okha, zomwe n'zodabwitsa pa timu imene idagonja ka 98. Mike Marshall sadachite bwino ku Seattle, koma mu 1974 adalandira mphotho ya Cy Young, imene imaperekedwa kwa woponya wopambana onse m'ligi, ali ku Los Angeles Dodgers.

Wokondedwa wa ochemerera adali Ray Oyler, katswiri pa kuwakha mpira amene adachokera ku Detroit Tigers, akatswiri a 1968. Pa kumenya adali wofooka kwambiri, moti pa mipata 100 iliyonse ankamenya bwino ka 16 kapena 17, koma anthu a ku Seattle adamukhazikitsira gulu lomuchemerera ndipo ankamulandira ndi phokoso akamabwera kudzamenya.

Mphunzitsi wamkulu adali Joe Schultz, ndipo mwa omuthandiza mudali Sal Maglie ndi Frank Crosetti. Osewera onse amene adavala yunifolomu ya Pilots m'chaka chimodzicho adakwana 53, chizindikiro cha mmene woyang'anira zogula osewera, Marvin Milkes, ankasinthirasinthira anthu.

Kodi n'zoona kuti Lou Piniella adali wa Pilots?

Inde, koma sadasewereko masewero a ligi ndi timuyi. Pilots idamusankha mu Okutobala 1968, ndipo pa 1 Epulo 1969, kutatsala sabata kuti ligi iyambe, idamupereka ku Kansas City posinthana ndi Steve Whitaker ndi John Gelnar. Chaka chomwecho Piniella adasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse mu American League. Msinthano umenewu umaonetsa kusiyana kwa maganizo a matimu awiri atsopanowa: Royals inkatolera achinyamata poganizira zaka zam'tsogolo, pomwe Pilots inkafuna mayina odziwika kale kuti anthu agule matikiti msanga. Piniella adadzafika ku Seattle mu 1993 ngati mphunzitsi wa Seattle Mariners, timu ina imene idadzakhazikitsidwa mumzindawo pambuyo pake, ndipo adakhalako mpaka 2002.

N'chifukwa chiyani bwalo lidali losakonzeka?

Chifukwa timuyi idabadwa zaka ziwiri nthawi yake isadakwane. Charlie Finley, mwini Athletics, atasamutsa timu yakeyo kuchoka ku Kansas City kupita ku Oakland pakutha pa 1967, ligi idalonjeza matimu atsopano pofika 1971. Phungu wa Senate, nyumba ya malamulo ya America, wochokera ku dera la Missouri kumene kuli Kansas City, Stuart Symington, adakana kuti Kansas City idikire zaka zonsezo ndipo adaopseza kuti alimbana ndi ufulu wapadera umene baseball ili nawo pa malamulo a zamalonda. Ligi idagonja n'kubweza tsikulo kufika 1969, ndipo popeza chiwerengero cha matimu chidayenera kukhala chogawika pawiri, Seattle idakokedwa nawo. Kansas City idali ndi bwalo limene Athletics idangolisiya kumene, pomwe Seattle idalibe.

Mu Febuluwale 1968 ovota a ku King County, boma limene muli mzinda wa Seattle, adavomereza madola 40 miliyoni omangira bwalo lofoleredwa, koma mikangano ya malo omangapo idachedwetsa ntchito. Podikira, timu idalowa mu Sick's Stadium, bwalo lomangidwa mu 1938 la timu ya ligi yaing'ono ya Seattle Rainiers, lotchedwa dzina la Emil Sick, mwini kampani yofulula mowa. Pangano lidali lakuti likulitsidwe kufika mipando 30,000, koma ngakhale mu Juni idangofika pafupifupi 25,000. Anthu akachuluka kupitirira 8,000, mphamvu ya madzi m'mipope inkatsika kwambiri cha kumapeto kwa masewero moti zimbudzi zinkasiya kugwira ntchito. Aulutsi a matimu obwera sankatha kuona mbali ina ya bwalo kuchokera pamene ankakhala.

Kodi anthu a ku Seattle sankabwera kudzaonera?

Ankabwera, koma osati mokwanira kulipira ngongole za eni timu. Chaka chonse padalowa anthu 677,944, pafupifupi 8,300 pa masewero alionse, zimene zidaika Pilots pa nambala 20 mwa matimu 24. Matimu anayi adalandira anthu ochepa kuposa pamenepa: Cleveland Indians, Chicago White Sox, Philadelphia Phillies ndi San Diego Padres. Tikakumbukira kuti matikiti a Pilots adali m'gulu la okwera mtengo kwambiri m'ligi, pabwalo la mipando yamatabwa ndi madzi ovuta, n'kovuta kuimba mlandu anthu a mumzindawo. Ambiri ankatsatira masewero pa wailesi ya KVI, pamene ankaulutsa Jimmy Dudley ndi Bill Schonely.

Ndiye kugonja pabwalo ndiko kudachititsa kuti timu isamuke?

Ayi. Kansas City Royals idapambana masewero asanu okha kuposa Pilots, 69 ndi kugonja 93, koma ilipo mpaka lero mumzinda womwewo. Expos ndi Padres zidagonja ka 110 iliyonse chaka chomwecho ndipo zidapitiriza kusewera. Kusiyana kudali m'thumba. Mwini Royals, Ewing Kauffman, adali mponda matiki wa malonda a mankhwala amene akadatha kupirira zaka zingapo za kuluza. Dewey Soriano ndi m'bale wake Max adalibe chuma chotere, moti adagulitsa gawo la 47 pa 100 alionse kwa William Daley wa ku Cleveland, amene kale adali mwini Indians ndipo adalibe chomumangirira ku Seattle. Osewera 30 oyambirira adagulidwa pa mtengo wa madola 175,000 aliyense, padalinso chipepeso cholipira ligi yaing'ono ya Pacific Coast League chifukwa choilanda mzinda, ndipo zambiri mwa ndalamazi zidali zangongole. Pofika Sepitembala madzi adali atafika m'khosi, ndipo akuluakulu a mzinda adafika poopseza kuti atulutsa timuyi m'bwalo chifukwa cha mkangano wa chikole cha lendi.

Kugonja kwa Julayi ndi Ogasiti kudachepetsa oonerera ndipo kudafulumizitsa mapeto, koma timu imene idayamba ndi ngongole yotere, pabwalo lotere, ikadavutikabe ngakhale ikadathera pa nambala 3.

Kugulitsa ndi kusamuka kudayenda bwanji?

Mu Okutobala 1969, nthawi ya World Series, masewero olimbirana ukatswiri pakati pa opambana a maligi awiri aja, a Soriano adagwirizana mwamseri ndi Bud Selig, wogulitsa magalimoto wa ku Milwaukee, pa mtengo wa madola 10.8 miliyoni. Selig ankafunafuna timu kuyambira pamene Braves idachoka ku Milwaukee kupita ku Atlanta pakutha pa 1965. Ligi idazengereza kuvomereza, popeza aphungu awiri amphamvu a dera la Washington, kumene kuli Seattle, Warren Magnuson ndi Henry Jackson, pamodzi ndi mkulu wa zamalamulo m'deralo, Slade Gorton, ankatsutsa kwambiri. Anthu a ku Seattle adayesa kawiri kuigula. Fred Danz, mwini nyumba zoonetsera kanema, adalephera pamene Bank of California idafuna kuti ngongole yake ibwezedwe nthawi yomweyo. Eddie Carlson, mkulu wa kampani ya mahotela, adabwera ndi ganizo lakuti timu ikhale ya bungwe losafuna phindu, koma eni matimu ena adakana.

Osewera adapita kukakonzekera ku Tempe, m'dera la Arizona, ali ndi mphunzitsi watsopano Dave Bristol, akuvala yunifolomu ya Pilots koma osadziwa kumene akasewere. Mu Malichi 1970 boma la dera la Washington lidatenga chiletso kukhoti choimitsa kusamukako, ndipo eni timu adayankha pokalengeza kukhoti la boma lalikulu kuti alephera kubweza ngongole. Nkhani itafika kumeneko chiletso chija chidatha mphamvu. Kumapeto kwenikweni kwa Malichi, kutatsala sabata imodzi kuti ligi iyambe, woweruza Sidney Volinn adavomereza kuti timu igulitsidwe kwa gulu la Selig. Masiku onse odikira chigamulo, katundu wa timu adali m'lole itaima ku Provo, m'dera la Utah, dalaivala akudikira kuuzidwa ngati alowere kumpoto chakumadzulo ku Seattle kapena kummawa ku Milwaukee.

Kodi osewera omwewo ndiwo adakhala Milwaukee Brewers?

Ambiri a iwo, inde, kuphatikizapo Harper, Hegan, Pattin, Brabender ndi Gelnar, ngakhale ena monga Mincher, Seguí ndi Oyler adali atagulitsidwa kale ku Oakland m'nyengo yopuma. Nthawi yosoketsa yunifolomu zatsopano padalibe, kotero adangosomola dzina lakale pa malaya n'kusokapo la Brewers. N'chifukwa chake mitundu ya buluu ndi golide, imene idasankhidwira Seattle, idakhala mitundu ya Milwaukee. Masewero oyamba adachitika pa 7 Epulo 1970 pa County Stadium pamaso pa anthu oposa 37,000, ndipo California Angels idapambana 12–0. Chaka chimenecho Brewers idapambana masewero 65 ndi kugonja 97, kusiyana kwa masewero amodzi okha ndi zotsatira za Pilots. M'mabuku a ligi, ziwerengero za 1969 zimawerengedwa ngati chaka choyamba cha timu ya Brewers. Selig adadzakhala mkulu wa baseball yonse ya maligi aakulu, poyamba mogwirizira kuyambira 1992, ndipo adapuma mu 2015.

N'chifukwa chiyani timu ya chaka chimodzi ikukumbukiridwabe chonchi?

Chifukwa chachikulu ndi Jim Bouton, amene chaka chonsecho ankalemba zimene ankaona ndi kumva tsiku ndi tsiku m'chipinda chovalira, m'basi ndi m'mahotela. Zolembazo zidatuluka mu 1970 m'buku lotchedwa Ball Four, limene lidakwiyitsa akuluakulu a baseball chifukwa choulula moyo weniweni wa osewera, koma lidagulidwa kwambiri ndipo likuwerengedwabe. Kudzera m'bukulo, anthu amene sadaonepo Pilots ikusewera amadziwa mayina a osewera ake kuposa a matimu ena amene adakhala zaka zambiri. Kuchepa kwa nthawi kudachititsanso kuti zipewa, matikiti ndi malaya a timuyi zikhale zosowa, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale amazifunafuna.

Kodi Seattle Mariners ndi Pilots yomweyo?

Ayi, ndi timu ina, koma idabadwa chifukwa cha mlandu wa Pilots. Mzinda wa Seattle, King County ndi boma la dera la Washington adasumira American League chifukwa chophwanya pangano. Mlanduwo udafika pozengedwa mu 1976, ndipo ligi idasankha kupereka timu yatsopano m'malo mopitiriza. Panthawiyo bwalo lofoleredwa lija, Kingdome, lidali pafupi kutha kumangidwa. Mariners idasewera masewero ake oyamba mmenemo pa 6 Epulo 1977, polimbananso ndi California Angels, ndipo idagonja 7–0. Amene adaponya mpira woyamba adali Diego Seguí, munthu yekhayo amene adasewerera matimu onse awiri a ku Seattle. Sick's Stadium idagwetsedwa mu 1979 ndipo pamalopo padamangidwa sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira, pomwe Kingdome idagwetsedwa mu Malichi 2000.